Wailesi ya M'galimoto ya Amalume

Ana anga, mwakhala mukundiseka kuti munthu amene anathera moyo wake wonse akuika mawailesi m'magalimoto a anthu, m'kagalimoto kake muli chibowo pamene payenera kukhala wailesi. Amayi anu amati ndi kuumira, ndipo ine sinditsutsa, poti kutsutsana ndi amayi anu ndinasiya kalekale. Koma tsopano maso ayamba kuchita chidima ndipo manja akunjenjemera, choncho ndati ndilembe ndisanaiwale, kuti mudziwe kumene chibowo chimenechi chinachokera.

Ndola, ufulu usanafike

Za ubwana wanga ku Dowa sindilemba, chifukwa kunalibe china koma njala ndi mbuzi. Amene anandichotsa kumeneko ndi amalume a Gidiyoni Mbewe, mlongo wawo wa amayi anga, amene ankagwira ntchito pansi pa mgodi ku Kitwe. Iwo sanafune kuti nane ndilowe pansi. Anati pabanja pakwana munthu mmodzi wotsokomola fumbi, ndipo kudzera mwa mnzawo wa kumpingo anandipezera malo pa galaja ina ku Ndola, mumsewu wopita ku Bwana Mkubwa. Mwini wake anali mzungu wochokera kumwera, wofiira khosi, amene tinamupatsa dzina loti Fulumira chifukwa ndiwo mawu okha a chilankhulo chathu amene ankawadziwa. Ndinayamba ndi kusesa ndi kutsuka mabatire, asidi n'kumadya ovolosi yanga mpaka mawondo kuonekera. Ataona kuti zala zanga n'zowonda, anandiika ku mawaya, poti iye mimba sinkamulola kulowa kunsi kwa dashibodi.

Fulumira ankaphunzitsa mokalipa, koma ntchito ankaidziwa. Mawailesi a nthawi imeneyo anali a mavavu, timababu tagalasi timene tinkafunika kutentha kaye wailesi isanalankhule. Ukayatsa, unkadikira ngati ukudikira madzi a tiyi, ndipo ukaiwala kuzimitsa, m'mawa batire lafa. Lamulo la pagalajapo linali lakuti munthu wakuda asakhale pampando wa kasitomala. Ntchito yonse ndinkaigwira chagada, mutu kunsi kwa chiwongolero, miyendo ili panja. Magalimoto a azungu ndinawadziwira kunsi, ndipo nyimbo zawo ndinkazimva zikuchokera pamwamba pa mphuno yanga. Sindinganame kuti zinkandisangalatsa, koma ndinkameza mate, poti ndinali ndi amayi kumudzi.

Loweruka ndinkakwera basi kupita ku Chamboli, komboni ya anthu a pamgodi kumene amalume ankakhala ndi akazi awo, azakhali aNabanda. Ana awo awiri anamwalira ali makanda, ndipo azakhali ananditenga ine ngati wawo wobereka. Ndiwo ankasoka zigamba pa ovolosi ija, uku akundinena kuti ndimaoneka ngati ndalimbana ndi galu. Amalume anali munthu wosalankhulalankhula, wa nkhope yoopsa, moti anyamata a gulu lawo pansi pa mgodi ankawaopa. Koma azakhali ankawaseka pamaso pa alendo, kuwatchula kuti abwana a kumdima, iwo n'kumangomwetulira atayang'ana pansi. M'nyumba imeneyo ndinaona koyamba kuti mwamuna angathe kukonda mkazi wake popanda kunena mawu.

Kitwe, 1964

Ufulu utayandikira, Fulumira anagulitsa zonse n'kubwerera kwawo osatsanzika. Ine ndinasamukira ku Kitwe, ndinapeza kachipinda ku Chimwemwe, ndipo ndinalembedwa pa galaja ya Mgiriki wina amene aliyense ankamutchula Mailo. M'Chibemba mailo ndi mawa, ndipo ndilo yankho limene iye ankapatsa kasitomala aliyense wofunsa za galimoto yake. Anali munthu wa mtima wapachala, koma kwa iye ndinakhala pampando wa galimoto koyamba, osatukwanidwa. Kopa wokumbidwa m'migodi anali pamtengo wabwino zaka zimenezo. Azungu ochoka ankagulitsa magalimoto awo, anthu athu a pamgodi n'kumagula, ndipo aliyense ankafuna kuti akamalowa m'komboni anthu amve kuti wafika. Ntchito ya mawailesi inachuluka mpaka kusowa nthawi ya nkhomaliro.

Koma ife a ku Nyasaland, amene tsopano tinali a ku Malawi, chisangalalo chathu chinali cha theka. Anthu amene tinkapemphera nawo ndi kuika nawo maliro anayamba kutikumbutsa kuti ndife alendo. Kunja kwa nyumba tinkalankhula Chibemba, koma lilime linkatigulitsa. Pamgodi kunamveka manong'onong'o akuti maudindo adzapita kwa eni dziko. Amalume sanadikire kuti auzidwe. Anatumiza azakhali ku Dowa kuti akaumbitse njerwa ndi kuyang'anira nyumba ya malata yodzapumiramo, ndipo anawagulira kawailesi ka mabatire kuti asamasungulumwe. Azakhali sanafune kupita. Pokwera basi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Wedisoni, amalume akowa samadya akakhala okha. Uziwayendera." Ndinalonjeza, ndipo ndinkapitadi, koma nyumba ya ku Chamboli inali itazizira.

Chaka cha makuponi a petulo

Azungu a ku Rhodesia atadzitengera boma, njira ya kumwera imene katundu wathu ankadzera inavuta. Petulo anayamba kugulidwa ndi makuponi, ndipo zipangizo za galimoto zinasowa moti tinkachotsa waya m'galimoto yakufa kuti tiike m'yamoyo. Nthawi yovuta imeneyi ndi imene amalume anagula galimoto yawo, yakuda, ya ku Mangalande, kwa kapitawo wachizungu amene ankachoka. Wailesi yake inali yobwera nayo kufakitale, ya mavavu ija, ndipo inali itatopa. Inkalira ngati njuchi, kenako n'kukhala chete. Ngakhale pamene inkagwira, inkangokoka nyumba zoulutsira mawu zapafupi.

Amalume anabwera nayo galimotoyo ku galaja Loweruka lina, n'kuima pambali panga manja ali kumbuyo. "Mphwanga, ichi chichotse," anatero, akuloza wailesiyo ndi chibwano. "Undiikire yogwira kwathu."

"Kwathu n'kutali, amalume. Pamafunika wailesi ya shotiwevu, ndipo m'masitolo mulibe."

"Ifune. Azakhali ako amamvera makwaya Lamulungu madzulo pa kawailesi kaja. Iwo akamamvera uko, inenso ndizimvera kuno." Kenako anawonjeza kuti, "Pa livi ndikapita nayo galimotoyi. Ndikufuna ndikalowe m'mudzi ikulira."

Aka kanali koyamba kumva amalume akunena chinthu chochokera mumtima, ndipo ndinachita manyazi ngati ndawaona akusamba. Ndinamuchonderera Mailo, iye n'kumati mailo, mailo, mpaka miyezi inapita. Potsiriza dalaivala wina wa malole a mafuta ochokera ku Dar es Salaam anabwera nayo wailesi ya ku Japan, yopanda mavavu, yolankhula pompo ukangoyatsa. Ntchito imeneyo ndinaigwira ngati ndikukonzera mfumu. Galimoto za ku Mangalande za nthawiyo zinkalumikiza batire mosemphana ndi za ku Japan, ndipo ukalakwitsa wailesi inkapsa nthawi yomweyo, choncho ndinatembenuza magetsi a galimoto yonse. Ndinasema dashibodi kuti wailesi ikhale bwino, ndinachotsa sipika yakale imene pepala lake linali litang'ambika, n'kuika ziwiri, ina kutsogolo ina kumbuyo. Ndinaika eriyo yaitali, ndi timakondensa pa dainamo kuti injini ikamalira isamalowetse phokoso. Pa waya wopita ku batire ndinaikapo fyuzi, kagalasi kakang'ono ngati kachidutswa ka choko, kamene kakachoka wailesi siyaka. Ndinamaliza Lolemba madzulo, ndipo amalume anati adzaitenga Lachiwiri akaweruka.

Wailesi ya kwathu inkamveka ku Kitwe m'mamawa ndi madzulo okha, masana inkasowa. Choncho Lachiwiri ndinalawira ku galaja anzanga asanafike, kuti ndiiyese. Ndinakhala pampando wa dalaivala, ndinapotokola pang'onopang'ono, ndipo pakati pa kuphwephwetera kuja panatuluka mawu a munthu wolankhula Chichewa cha kwathu, omveka ngati ali pampando wakumbuyo. Ndinasangalala, ndinamenya chiwongolero. Inali nthawi ya mauthenga a maliro, ndipo sindinkamvetsera mayina, ndinkamvetsera ngati sipika yakumbuyo ikunjenjemera. Kenako ndinamva dzina la amalume. Wolengezayo anati uthenga ukupita kwa bambo Gidiyoni Mbewe a ku mgodi ku Kitwe, kuti akazi awo atisiya, maliro adzaikidwa Lachinayi, ndipo aliyense womva awadziwitse. Anapitirira kwa munthu wina wa ku Salima ngati palibe chachitika. Ndinazimitsa, ndipo ndinakhala m'galimotomo mpaka ndinamva Mailo akutsekula geti.

Amalume nthawi imeneyo anali pansi pa nthaka. Ndinapalasa njinga kupita kwa a Tembo, mkulu wa mpingo wathu, kalipentala wochokera ku Katete amene ankayendetsa nkhani zonse za maliro pakati pathu. Ndinawapeza akupala thabwa. Atamva, anavula chipewa, anakhala pabenchi, n'kundifunsa ngati ndauzapo wina.

"Ayi. Ndikufuna ndikawadikire pa shafuti, potulukira mumgodi, ndiwauze akangotuluka."

"Iwe?" anatero a Tembo. "Mwana wa mlongo wawo, ukaime pageti n'kunena kuti akazi anu afa? Unaziona kuti? Munthu amene ali ndi ulendo wautali sauzidwa maliro, amauzidwa matenda. Akafika, akuluakulu a kumudzi ndiwo amamukhazika pansi. A Mbewe akuyendetsa okha galimoto, mapiri a Luangwa ali panjira. Ukufuna tiike anthu awiri?"

"Koma pa wailesi anena kuti womva awadziwitse."

"Wailesi ilibe mwambo, mwana wanga. Tibwera ife madzulo ndi anzanga. Iwe upita nawo ulendowu, ndipo pakamwa pako pasatuluke kanthu mpaka mukafike. Nanga chiwailesi chakocho, sabwereza madzulo?"

Ndinati amabwereza. A Tembo anangondiyang'ana, ndipo ndinamva chimene ankatanthauza. Pobwerera ku galaja ndinkalira panjinga, anthu n'kumandiyang'ana. Sindinkadziwa ngati a Tembo akulondola, koma ndinaganiza za amalume ali okha m'galimoto pamsewu wa ku Chamboli, akupotokola wailesi yawo yatsopano mosangalala, n'kumva zimene ndinamva ine. Zimenezo sindikanazilola. Ndinalowa chagada kunsi kwa dashibodi monga kale, ndinatsekula kachibotolo ka fyuzi, ndinaichotsa, n'kuiika m'thumba la malaya.

Amalume anafika cha m'ma fo koloko atasamba, atavala malaya oyera a kutchalitchi. Anakhala pampando, anapukuta manja pa buluku, n'kuyatsa. Kunali zii. Anapotokola uku ndi uku, kenako anandiyang'ana.

"Dzulo unati yatha."

"Inalira, amalume, koma yasiyanso. Mwina yabwera yowonongeka."

Sanakalipe. Anangoti, "Chabwino," ndipo nkhope yawo inagwa ngati ya mwana amene amulonjeza nsapato. Mailo ndiye analusa. Anati galimoto siituluka pageti pake ndi wailesi yosalankhula, ndipo anatenga tochi kuti aone yekha. Ndinaima pachitseko n'kumuuza kuti ntchitoyo ndi yanga, asaikhudze, komanso kuti mawa sindibwera, ndili ndi ulendo. Anandiyankha m'Chibemba chake chothyokathyoka kuti ndikapita ndipitiretu. Amalume anadabwa kuti ndi ulendo wanji, ine ndinati wa kumpingo, ndipo anatulutsa galimoto yawo.

Madzulo a Tembo anabwera ku Chamboli ndi akulu ena awiri. Anapemphera kaye, kenako anati kwabwera uthenga kudzera mwa anthu a mpingo kuti mayi akudwala, ndipo matenda akula. Amalume anafunsa kuti ndi matenda anji. A Tembo anati sanauzidwe bwino. Pamene ankalankhula m'nyumba, kunja amayi a mpingo ankayenda khomo ndi khomo kusonkhanitsa makuponi a petulo kwa aliyense wokhala ndi galimoto kapena njinga yamoto, ndipo anthu ankapereka osafunsa kawiri. Komboni yonse inkadziwa, kupatula mwini wake.

Njira ya kum'mawa

Tinanyamuka Lachitatu kukucha, zigubu za petulo zili kumbuyo. Ndinali nditawerengera kuti tikayenda osagona, tikafika Lachinayi m'mawa maliro asanatuluke m'nyumba. Koma amalume ankayenda ulendo wa munthu wokaona wodwala. Ku Lusaka anaima kugula malalanje, bulangete latsopano ndi botolo la mankhwala opatsa magazi. Anasankha bulangetelo mosafulumira, akufunsa wogulitsa ngati lilipo lobiriwira, poti azakhali ankakonda zobiriwira. Ine ndinaima pakhomo la sitolo, fyuzi ili m'thumba, ndikumva ngati ikunditentha pachifuwa. Titadutsa Lusaka phula linatha, tinalowa m'fumbi ndi m'mabampu. Amalume, amene masiku onse anali osalankhula, tsiku limenelo analankhula kwambiri. Anati akawatenga azakhali kupita nawo kuchipatala cha mishoni pa galimoto yomweyi, ndipo akachira abwerera nawo ku Kitwe, nyumba imalizidwe ndi ena. Anati analakwitsa kuwatumiza okha. Kawirikawiri dzanja lawo linkapita pa wailesi, kuyatsa, kuzimitsa, n'kupukusa mutu.

Titaoloka Luangwa n'kukwera mapiri, dzuwa linali likulowa, ndipo pa kamalo kena ka masitolo amalume anaimitsa galimoto n'kunena kuti tigona pomwepo.

"Tiyeni tipitirire, amalume. Ndigwira chiwongolero ine."

"Nyali za galimotoyi ukuzidziwa. Msewu uwu usiku ndi wa malole."

"A Tembo anati matenda akula."

"Ndamva. Koma wodwala akufuna ife amoyo. Ukufuna tikafike ndife maliro?"

Apa ndi pamene ndinayenera kusankha, ndipo mawu anafika pakhosi. Ndikananena, tikanayenda usiku wonse, ndipo mwina tikanafika. Mwinanso amalume akanagwetsera galimoto kuphompho, kapena mtima wawo ukanaima pomwepo patchire, popanda mbale wina koma ine. Ndinayang'ana manja awo akusenda lalanje limodzi kuti tigawane, ndinakumbukira nkhope ya a Tembo, ndipo ndinameza mawu aja. Ndinati chabwino, amalume.

Lachinayi tinafika ku Chipata dzuwa litakwera. M'malo molunjika kumalire, amalume anakhotera kumsika, n'kuima pa kashopu ka munthu wokonza mawailesi. Ndinawachonderera kuti tisataye nthawi, koma anandidula. "Iwe yakukanika. Mwina mnzako aiona. Ndinawalonjeza azakhali ako kuti ndidzalowa m'mudzi ikulira." Wokonzayo anali bambo wachikulire wa magalasi omangidwa ndi ulusi. Analowa kunsi kwa dashibodi, ndipo ndinamva kachibotolo ka fyuzi kakutsekuka. Munthu aliyense wa ntchito yathu amayambira pamenepo. Anakhalako kanthawi, kenako anatulutsa mutu n'kundiyang'ana. Anaona maso anga, anaona bulangete ndi malalanje pampando wakumbuyo, n'kufunsa amalume kuti ulendowu ndi wa kuti.

"Kwathu ku Dowa. Akazi anga akudwala."

Bamboyo anatseka kachibotolo kaja kopanda kanthu, anadzuka, n'kupukuta magalasi ake. "Wailesiyi ndi yabwino, ndipo anaiika ndi munthu wodziwa," anatero. "Koma chimene chavuta ndilibe pano. Musachedwe nayo, bambo. Pitani mukaone odwala." Amalume anafuna kumupatsa kanthu, iye anakana. Pamene tinkachoka anandigwira paphewa.

Dowa

Kumalire anatichedwetsa ndi mapepala a galimoto, ndipo msewu wa kwathu unali woipa kuposa mmene ndinkaukumbukira. Tinafika dzuwa litapendeka. Tisanalowe m'mudzi ndinaona masamba oikidwa pamsewu, chizindikiro cha maliro, atafota kale ndi dzuwa. Amalume anachepetsa liwiro monga mwa mwambo, n'kunena motsitsa kuti, "Kaya ndani watisiya." Kenako tinaona anthu akuchokera kumanda, amuna atanyamula makasu, amayi akusamba m'manja pamtsuko, ndipo onse ankalowera ku nyumba ya njerwa yopanda mawindo imene denga lake linali lofolera mbali imodzi. Amalume anaimitsa galimoto pakati pa msewu. Injini inazima yokha poti sanaponde kalachi. Akuluakulu awiri anabwera, anatsekula chitseko, n'kuwagwira mikono. Iwo sanalire. Anatembenuka n'kundiyang'ana ine, ndipo kuyang'ana kumeneko ndimakuonabe.

Anthu anati anadikira mpaka masana, koma kunkatentha, ndipo sakanatha kusunga thupi tsiku lina. Azakhali anadwala masiku ochepa, chibayo. Amalume anaperekezedwa kumanda kukaona mulu wa dothi lofiira, ndipo bulangete lobiriwira lija anapatsa amayi anga. Masiku onse a maliro sanandilankhule, ndipo ine ndinkawazemba.

Tsiku lometa litapita, ananditumizira mwana kuti ndikawapeze ku galimoto, imene inali itaimikidwa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Ndinawapeza atakhala pampando wa dalaivala. Ananditsekulira chitseko cha mbali inayo, ndinalowa, ndipo tonse tinayang'ana kutsogolo ngati tili paulendo.

"Wailesiyi ndi yabwinobwino, eti?" anafunsa.

Ndinatulutsa fyuzi ija n'kuiika pa dashibodi.

"Unamva ndi makutu ako?"

"Eya, amalume. Lachiwiri m'mawa."

"A Tembo ndiwo anakuletsa."

"Anandiletsa, koma fyuzi ndinachotsa ndekha."

Anagwedeza mutu. "Sindikukuimba mlandu. Inenso ndinanamizapo anthu chomwecho, ndipo ndinkati ndikuwachitira chifundo. Koma uthenga uja unali wanga, Wedisoni. Anatchula dzina langa. Anthu onse a ku Chamboli anaumva, wa ku Chipata uja anaudziwa, ine ndekha ndiye ayi. Ndinagona tulo pa Luangwa mkazi wanga ali pamphasa." Kenako analoza fyuzi ija. "Ukaibwezera, abwerezanso?"

"Sabwereza maliro akaikidwa."

"Ndiye unene iwe. Monga ananenera, usachotsepo kanthu."

Ndinayesa kukana, koma anandigwira bondo. Choncho ndinakhala m'galimoto muja, kutsogolo kwa wailesi imene ndinaiika ndi manja anga, ndipo ndinanena ndi mawu a wolengeza uja. Ndinati uthenga uwu ukupita kwa bambo Gidiyoni Mbewe, amene akugwira ntchito ku mgodi ku Kitwe, m'dziko la Zambia. Akudziwitsidwa kuti akazi awo, mayi Esinati Nabanda a ku Dowa, atisiya dzulo madzulo. Maliro adzaikidwa Lachinayi. Aliyense womva uthengawu awadziwitse.

Amalume anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pa chiwongolero. Kenako anati, "Ndamva," ndipo anaika mutu pa chiwongolero n'kulira mokweza, kulira kumene anthu anakuyembekezera sabata yonse. Amayi anga anatuluka m'nyumba akuthamanga, koma ataona anaima patali.

Amalume sanabwererenso ku mgodi. Galimoto ija inathera pansi pa mango pomwepo, matayala anaphwa, nkhuku zinkaikiramo mazira, ndipo fyuzi inakhala pa dashibodi pamene ndinaiika. Ine ndinabwerera ku Kitwe pa basi. Mailo anasunga mawu ake kamodzi kokha m'moyo wake, ndipo ndinapeza malo anga atapatsidwa wina. Ndinayenda miyezi ingapo ndi bokosi la zipangizo m'makomboni mpaka ndinalembedwa ku Ndola, kumene ndinakumana ndi amayi anu. Mawailesi ndinapitiriza kuika, mazanamazana, a makaseti ndi ena onse amene anabwera pambuyo, koma ndikamayesa ndinkatsitsa mawu nthawi ya mauthenga a maliro ikakwana. M'galimoto yanga ndiye sindinaikemo konse.

A Tembo anamwalira akukhulupirira kuti anapulumutsa moyo wa amalume pa mapiri a Luangwa, ndipo mwina n'zoona. Ine sindinapeze yankho, ndipo ndasiya kulifuna. Chimene ndikukupemphani n'chimodzi. Amayi anu akadzatsogola ine ndili kutali, kaya kuchipatala kaya kwa mmodzi wa inu, musadzandiuze kuti matenda akula. Amene adzayambe kumva abwere, akhale pafupi nane, anditchule dzina, andiuze.